Mmene Yotamu Chikwakwa Anagwetsera Nyumba ya Pamwamba

Mu Ufumu wa Zidzatheka muli zigawo zingapo, koma chotchuka kwambiri ndi cha Dikirani. Anthu ake ndi odekha mtima. Sikuti anabadwa choncho ayi, kungoti njira zina zonse anaziyesa kale, zinakanika. Mfumu ya dzikolo, Sindinamve Wachiwiri, imakhala kutali ku likulu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kudinda chidindo pa chilichonse chimene aibweretsera. Chigawo chilichonse chimadziyendetsa chokha, ndi Nduna Yaikulu yake komanso nyumba zake za malamulo.

Ku Dikirani nyumba za malamulo zinali ziwiri, ina pamwamba pa inzake. Apa palibe kuphiphiritsa. Nyumba ya Pansi inali ya njerwa, ndipo munkakhala aphungu osankhidwa ndi anthu, pa mabenchi ouma opanda potsamira. Nyumba ya Pamwamba inali ya matabwa, yofolera malata, yosanjikizidwa pa inzakeyo ngati dengu pamutu pa mayi wopita kuchigayo. Mmenemo munkakhala akuluakulu otchulidwa ndi Nduna Yaikulu. Munthu akalowamo ankatulukamo ndi nyimbo za maliro basi.

Lamulo likapangidwa pansi, mesenjala ankakwera nalo pa makwerero kuti akuluakulu akaliunike. Malamulo okwera aliyense ankawaona. Otsika ankawakumbukira ndi okalamba okha.

Nyumba ya Pamwambayi inali ndi mwambo wake. Wolowa kumene sankalumbira atagwira buku. Ankamukhazika pa mpando wa ndalema, uja wansalu wotsamira chagada, n'kumupatsa kapu ya tiyi wamkaka ndi banzi lopaka majarini mbali zonse ziwiri. Akamaliza kapuyo ndiye kuti walumbira. Mwambowo unkatinso mkulu akamalankhula sadulidwa mawu. Koma makolo amene anaukonza sanali opusa, anasiya kakhomo. Anati munthu mmodzi yekha, wina aliyense, akadzuka pampando n'kuima chilili mkulu ali pakati polankhula, ndiye kuti mawu akwana, nyumba iponye voti. Kuimirira basi. Osatsokomola, osakweza dzanja.

Wofuna kukataya madzi ankatsetsereka pampando n'kuyenda chowerama mpaka pakhomo, monga achitira munthu waulemu podutsa pamaso pa akulu. Kuwerama si kuimirira.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi, amene anali ndi mawu anali a Zebedayo Satopa, mkulu wa onse m'nyumbamo. Ankalankhula za lamulo lofolera msika wa Nyowani, umene unalibe denga chikhazikitsireni. Ana amene anabadwa tsiku limene a Satopa anatsegula pakamwa anali atalemba kale mayeso a sitandade 8. Mkuluyu anayambira pa udzu: wa tsekera, wa kudambo, umene amalume awo anafolera nawo nkhokwe chaka cha dzombe. Kenako analowa m'nkhani ya luzi, n'kukhalamo zaka. Tsopano anali atafika pa misomali. Dzuwa likapendeka ankapinda mpango wawo n'kunena kuti, "Ndipitiriza mawa," ndipo apo m'pamene anthu ankadzuka. Malamulo ena onse anali pamzere kumbuyo kwa la dengalo, akudyedwa ndi mphemvu.

Yotamu Chikwakwa sanabadwire m'ndale. Anayambira pachiwaya cha mlongo wake wamkulu, Edesi, mumsika wa Nyowani momwemo, kutsuka matumbo a mbuzi ndi kutembenuza nyama. Chuma chake chinali pakhosi. Akakuwa kuti "Yamotooo!" ngakhale agalu a tsidya lina ankabwera. Mawuwo anamuchotsa pachiwaya kupita kokaitanira minibasi, n'kumuchotsa kumeneko kupita kokatenthetsa misonkhano ya ndale asanafike eniake. Tsiku lina eniakewo anachedwa, Yotamu analankhula yekha, ndipo anthu anabalalika osadziwa kuti panali wina amene amayembekezeka. Anakhala khansala. Anakhala phungu. Anayamba ndi chipani cha Lichero, n'kupita cha Chipande, n'kudzathera ku cha Tsache, ndipo kulikonse ankalumbira kuti adzaikidwa m'manda atakulungidwa m'nsalu ya chipanicho. Nsaluzo zinkathera kwa Edesi, amene anasoka nazo makatani a nyumba yonse mpaka kubafa.

Atapambana n'kukhala Nduna Yaikulu, msonkhano wake woyamba anakachitira kumsika. Munali m'chilimwe, fumbi lili koboo. Anakwera pa ngolo, ndodo ya udindo ili m'manja, wachiwiri wake Lotani Kachulu atamugwirira ambulera.

"Anthu a Dikirani!" anakuwa Yotamu. "Ndani amene wakhala pamutu panu zaka zonsezi?"

"Dzuwa!" anayankha mayi wina wogulitsa tomato.

"Ndi mvula!" anawonjezera wa makala.

"Ayi! Ndi Nyumba ya Pamwamba! Iwo ali pamthunzi, inu mukupsa. Iwo akumwa tiyi, inu mukumwa fumbi. Ine Yotamu Chikwakwa, mwana wa msika uno, ndikuti nyumba imeneyo ndiitchetcha ngati udzu wa m'mbali mwa msewu. Chizimalupsa asanagwe, Nyumba ya Pamwamba idzakhala nthano!"

Anthu anaomba m'manja, chifukwa ku Dikirani kuomba m'manja ndi ulemu chabe, ngati kupereka moni. Koma Edesi sanaombe. Anali pachiwaya chake, foloko yaitali ili m'manja.

"Iwe Yotamu! Ukalephera?"

"Achemwali, pano ndine Olemekezeka."

"Olemekezeka Yotamu, ukalephera?"

Munthu wanzeru akanaseka n'kuyamba nyimbo. Koma Yotamu anali ataledzera ndi mawu ake omwe. Anatsika pangolo, n'kufika pachiwaya, n'kugwira m'mphepete mwake ndi dzanja lamanja.

"Mvula yoyamba ikadzagwa nyumbayo ilipobe, ndidzabwerera pano kudzatsuka matumbo!"

Anachotsa dzanjalo msanga chifukwa chiwaya chinali pamoto. Koma mawu anali atatuluka. Lumbiro la m'nyumba ya malamulo limauma pamodzi ndi malovu. La pamsika amasunga ndi amayi a tomato, ndipo iwo saiwala ngakhale munthu amene anawaponda chala chaka cha chisankho chapitacho.

Lamulo lothetsa Nyumba ya Pamwamba linadutsa pansi m'mawa umodzi. Aphungu analivomera mokondwa, poti mabenchi awo anali atawaphunzitsa kudana ndi aliyense wokhala pofewa. Mesenjala anakwera nalo n'kuliika kumapeto kwa mzere. Apo m'pamene Yotamu anakumbukira kuti nyumbayo singathe popanda kudzivotera yokha, ndipo singavote a Satopa asanamalize za misomali.

"Bwana, musadandaule," anatero Lotani. Anali munthu wolankhula motsitsa, wokonda kuyang'ana nsapato zake. "Pakufunika munthu mmodzi woimirira. Mphamvu yotchula mamembala muli nayo ndinu. Tilowetsemo athu."

Maina anapita ku likulu, Mfumu Sindinamve inadinda, ndipo gulu loyamba linafika. Anali anyamata a chipani cha Tsache, aja odzipaka utoto pamimba, amene anagubuduzapo mabenchi a zipani zina misonkhano ili mkati. Mtsogoleri wawo anali Doviko, mnyamata amene sanakhalepo pamalo amodzi mpaka nyimbo kutha.

"Mwamva?" anatero Yotamu m'munsi mwa makwerero. "Mukhala, mumwa tiyi, kenako mudzuka. Mmodzi yekha akwanira."

"Bwana, tidzuka tonse! Mwinanso tigubuduza mdalayo ndi mpando wake womwe!"

Anakwera akuimba. Yotamu anadikira m'munsi akumvetsera. Nyimbo inatha. Kunamveka timasupuni tikugunda m'makapu. Kenako kunangotsala mawu a a Satopa, akuyenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya abulu.

Madzulo anyamatawo anatsika mwaulemu, wina akutokosa m'mano.

"Doviko! Chachitika n'chiyani?"

"Bwana," anatero Doviko, akukanda m'khosi, "nkhani ya misomaliyi ndi yozama. Ife timangoiona pamwamba. Mukudziwa kuti pali ina yamutu waukulu, ina yopanda mutu? Tikangothamanga tikhoza kulakwira mtundu."

"Ndinakutumani kuti mukaphunzire ukalipentala?"

"Tidzuka bwana. Tingomva kaye pamene akupita."

Kumsika nkhaniyi inafika Doviko asanafike kwawo.

"Akuti anyamata a Tsache asesedwa," anatero wa makala.

"Sanasesedwe," anatero mayi wa tomato uja, dzina lake Nasimango. "Tsache likatha ntchito amalitsamiritsa pakhoma. Atsamira."

Yotamu anakhala pansi ndi Lotani n'kuganiza mozama. Anagwirizana kuti cholakwika chinali kutuma anthu osazolowera kuima. Tsono anafunafuna anthu amene moyo wawo wonse ndi woimirira: apolisi apamsewu, aphunzitsi a sitandade 1, alonda a m'masitolo, ometa tsitsi, ndi mlaliki wina wa pa depoti amene anthu sanamuonepo atapinda mawondo kupatula popemphera. Mfumu inadinda. Akalipentala anapanga mipando ina ya ndalema. Gulu lachiwiri linakwera.

Nduna ziwirizi zinaiwala chinthu chimene mayi aliyense amachidziwa: palibe munthu wokonda mpando kuposa amene wakhala akuima. Wapolisi anagona asanamalize banzi. Aphunzitsi analira misozi, akuti aka kanali koyamba kukhala m'chipinda chimene wina akulankhula iwo ali chete. Mlaliki anatsika madzulo nkhope ikuwala.

"Abusa, inunso?" anatero Yotamu.

"Mwana wanga, ndinadikira kuti Mzimu undiuze kuti dzuka. Sunanene kanthu. Ine ndine yani kuti nditsogole?"

Anatumiza gulu lachitatu, kenako lachinayi. Anayesa apongozi a mamembala akale, poganiza kuti munthu sangapirire kukhala chipinda chimodzi ndi mkamwini wake tsiku lonse. Anapirira. Anayesa anthu a zithupsa za m'matako. Zinapola. Nyumba imene inamangidwira akuluakulu ochepa inadzaza mpaka m'mawindo, ndipo ophika tiyi anasiya ketulo n'kuyamba kuwiritsa m'mgolo.

Pansi, aphungu anayamba kuona fumbi la matabwa likugwera pamapepala awo. Mtanda waukulu wa pakati unayamba kupindika ngati msana wa nkhalamba. Phungu wina anapereka ganizo loti nkhaniyi ifufuzidwe, ganizolo linavomerezedwa n'kutumizidwa pamwamba kuti likaunikidwe. Podikira yankho, Nyumba ya Pansi inasamukira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa positi ofesi.

Kutentha kunakula. Masana ena Yotamu anapita kumsika wapansi, wopanda ambulera, n'kupeza chinthu chachilendo pachiwaya cha mlongo wake. Pamtengo wa pambali pa chiwayacho panali msomali, pamsomalipo panapachikidwa epuloni yatsopano. Wina anali atalembapo ndi utoto kuti OLEMEKEZEKA.

"Tasoka yaikulu," anatero Nasimango. "Taona kuti mimba yakula."

Yotamu ananamizira kuti sanamve. Anakhala pa chitini pafupi ndi Edesi n'kulankhula motsitsa.

"Achemwali, ndathedwa nzeru."

"Unali nazo?"

"Ndikunena zoona. Aliyense amene ndamutuma wamira."

"Ukutuma amuna," anatero Edesi, akudula chiwindi. "Mwamuna ukamupatsa mpando ndi kapu amayesa wafika kumwamba. Ine tiyi ndimamwa choimirira kuyambira tsiku limene amayi anamwalira. Ndinakulera iwe choimirira. Ana anga ndinatsala pang'ono kuwabereka choimirira."

"Ndiye pitani inuyo."

"Ine? Nanga chiwaya?"

"Ndi tsiku limodzi, achemwali. Mukadzuka inu, lamulo la denga lidutsa, langa lidutsa. Simudzaphimbanso moto ndi lichero mvula ikamagwa."

Edesi anayang'ana kumwamba kopanda denga, n'kuyang'ana epuloni ija.

"Ndipita. Osati chifukwa cha iwe. Matumbo sunkawatsuka bwino, sindikufuna ubwerere."

Mfumu inadinda. Edesi anavala chitenje chake cha kutchalitchi, natenga anzake asanu a mumsika, amayi a mikono ngati mitengo ya bulugamu. Msika wonse unawaperekeza mpaka pa makwerero ndi nthungululu. Edesi anatembenuka pa sitepe yoyamba.

"Musazimitse moto. Ndikubwera pompano."

Moto unazima wokha. Makala anasanduka phulusa, phulusa linazizira. Dzuwa litapendeka kunamveka "Ndipitiriza mawa," ndipo anthu anayamba kutsika. Edesi anatsika pomalizira, akuyenda mofewa ngati munthu wochokera kosamba madzi ofunda.

"Achemwali!"

"Usakuwe, Yotamu."

"Simunadzuke?"

Edesi anadzisisita pamsana.

"Iwe, unkadziwa kuti msana umatha kusiya kupweteka? Ine ndinkayesa ndi mmene Mulungu anaupangira."

"Koma munalonjeza!"

"Ndidzuka mawa."

"Nanga denga la msika?"

"Pamwambapo denga lilipo," anatero Edesi, n'kumapita.

Mawa lake sanadzuke. Mkuja wake anabwera ndi kapilo.

Tsopano mitambo inayamba kusonkhana pa phiri la Taonani. M'mawa inkabalalika, masana n'kubweranso yochuluka, ngati achibale a munthu wodwala amene ali ndi ng'ombe. Nasimango anachapa epuloni ija n'kuisita.

Tsiku limene mphepo inayamba kununkha dothi lonyowa, Yotamu anaitana Lotani.

"Ndipita ndekha."

"Bwana, lamulo silola Nduna Yaikulu kukwera pamwamba. Wokwera ayenera kukhala membala, ndipo ndodo ya udindo siyikwera makwerero."

"Ndadzitchula kale. Mfumu yadinda dzulo."

"Inawerenga?"

"Unaionapo ikuwerenga?"

Lotani anayang'ana nsapato zake. "Ndiye ndodoyo ndikugwirirani, bwana. Si inu mungolowa n'kutuluka?"

Yotamu anamupatsa ndodo, navula jekete, n'kukwera. Makwerero ankalira pa sitepe iliyonse.

Anafika pamwamba n'kusuzumira pakhomo. Chigawo chonse chinali mmenemo chagada. Doviko anali atanenepa mpaka utoto wa pamimba unafutukuka, tsache lija likuoneka ngati mtengo wa mgwalangwa. Mlaliki ankapemerera wapolisi ndi chipewa. Pakati pa onse panali a Zebedayo Satopa, kamunthu kouma ngati chiwala, maso otseka, chala chimodzi m'mwamba.

"...pakuti msomali ukapindika, ana anga, si kulakwa kwa msomali. Tifunse hamala. Tifunse dzanja. Tifunsenso amene anabereka mwini dzanjalo..."

Anthu anasuntha mawondo, ophika tiyi anapanikiza mpando umodzi pakati penipeni pa chipinda, pafupi ndi wa Edesi, pamwamba pa mtanda wopindika uja. Yotamu anauyang'ana mpandowo ngati mmene munthu ayang'anira galu wa eni ake. Anali ndi nzeru yake: akhala m'mphepete mokha, agugudiza tiyi kamodzi, adzuka.

Koma ndalema alibe m'mphepete. Ukangoti ukhale, nsalu imakulandira, matako amatsika, mawondo amakwera, ndipo mutu umapeza wokha potsamira. Yotamu anamva mafupa ake akumasuka limodzi limodzi, kuyambira m'khosi mpaka m'zidendene. Anakumbukira kuti chiyambire kuitanira minibasi sanakhalepo pansi popanda wina womupempha kanthu.

Anamupatsa kapu. Tiyi anali wamoto.

"Usafulumire, ungapse," ananong'ona Edesi, maso ali otseka. "Uviike banzilo."

"Sindinabwerere banzi, achemwali."

"Tonse sitinabwerere banzi."

Anauzira tiyi. Anamwa pang'ono. Anauziranso. Banzi lija analiviika, kungoti lisatayike. Mawu a a Satopa ankamveka ngati njuchi zili kutali. Kamphepo kozizira kanalowa pawindo.

Kenako padenga panamveka tho. Patapita kanthawi, tho, tho. Kenako malata onse anayamba kuimba.

Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata mvula yoyamba ikugwa akudziwa kuti palibe nyimbo yoposa imeneyo. Yotamu anaimva, ndipo anadziwa tanthauzo lake. Anayang'ana m'kapu. Munali mutatsala pang'ono. Anamaliza.

Apa mboni zimasiyana. Ena amati anaika manja pa mikono ya mpando kuti adzuke, ndipo iwo anaona minofu ya m'khosi mwake itakungika. Ena, ndipo ndi ambiri, amati dzanja linapita kutsogolo ndi kapu, kulozera kumene kunali mgolo wa tiyi. Chimene onse amagwirizana n'chakuti nthawi yomweyo mtanda wa pansi pake unati kweee, kenako phwaa!

Nyumba yonse inaimirira.

Anaimirira apolisi, aphunzitsi, apongozi, a zithupsa. Anaimirira akuluakulu amene mawondo awo anali ataiwala njira. Mlaliki anadzuka osadikira Mzimu. Ndipo Nyumba ya Pamwamba, mwaulemu wake wonse, inagwada pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, n'kulowa m'Nyumba ya Pansi ndi anthu ake, mipando yake ndi mgolo wake.

Palibe anamwalira. Ku Dikirani ngakhale tsoka limabwera mochedwa moti anthu amatha kulipewa. Panali zotupa pamphumi, mabanzi m'matope, ndi wapolisi mmodzi amene anadzuka n'kufunsa ngati yakwana nthawi yoweruka. A Satopa anawapeza pansi pa lata, ali m'mpando wawo, chala chili m'mwamba.

"...monga ndimanena, msomali umene unagwira mtanda uwu..."

"Pepani gogo," anatero kalaliki wa nyumbayo, akuchotsa masamba a tiyi m'khutu. "Anthu aimirira. Mawu akwana."

A Satopa anatsegula maso, koyamba pa zaka zambiri, n'kuyang'ana khamu lonse lili chilili pamvula.

"Mwano," anatero, n'kutsekanso.

Voti inachitikira pabwalo pomwepo, madzi akuyenderera m'makosi. Lamulo la denga la msika linadutsa popanda wotsutsa, poti munthu wonyowa safuna kumva mbiri ya udzu. Malamulo a pamzere anadutsa onse mulu umodzi, ena osawerengeka chifukwa cha mphemvu. Litafika lothetsa Nyumba ya Pamwamba, mamembala anayang'ana matabwa othyoka, anayang'ana mgolo uli chafufumimba m'ngalande, ndipo Doviko anafunsa funso limene linali m'mitima ya onse.

"Tiyi azipitirira?"

"Aphikira pati?" anatero kalaliki.

Manja onse anakwera.

Yotamu anatuluka m'khamulo malaya atang'ambika, akukuwa ndi mawu ake akale aja. "Ndagwetsa! Anthu a Dikirani, ndagwetsa!" Anathamangira pamene panali makwerero. Lotani Kachulu anali ataima pomwepo, wouma bwinobwino, wina atamugwirira ambulera. Sankayang'ananso nsapato.

"Lotani, bweretsa ndodo."

"Ndodo iti, bambo Chikwakwa?"

"Bambo? Iwe, ndati ndodo yanga!"

"Pepani, koma tiyi munamaliza. Anthu aona, ndi banzi lomwe. Ndinu membala wa Nyumba ya Pamwamba, ndipo membala sagwira ndodo."

"Nyumbayo yatha!"

"Ndamva," anatero Lotani. "Ntchito yabwino kwambiri. Tidzakuikani m'mabuku a sukulu."

Mlandu womaliza unazengedwa kumsika, ndipo sunatenge nthawi. Yotamu anafotokoza kuti nyumba yatha monga analonjezera. Anati madontho awiri atatu si mvula. Anati chizimalupsa weniweni ndi uja wogwetsa nthambi.

"Afunseni tomato wangayu," anatero Nasimango, akukhuthula madzi m'beseni. "Pamene timamva phwaa, ife n'kuti zitenje zitamatirira kale m'thupi. Munati mvula isanagwe. Kapena tinamva molakwa, amayi?"

"Tinamva bwino!"

Anamuveka epuloni pomwepo. Inamukwana.

Lamulo la denga linapita ku likulu kuti likadindidwe, ndipo akuti likadali m'njira. Koma msika wa Nyowani uli ndi denga. Tsiku lomwelo, mvula isanakate, malata a Nyumba ya Pamwamba anaoneka akuyenda okha mumsewu, lililonse lili ndi miyendo iwiri pansi pake. Apolisi sanaone kanthu, poti nawonso ananyamula. Misomali anawongola yomweyo ndi mwala, osafunsa amene anabereka mwini dzanja.

Mipando ya ndalema anatola ndi aphungu a Nyumba ya Pansi, akuti kuti isaonongeke. Atakonza nyumba yawo anailowetsa mkati, mabenchi aja n'kuwapereka kusukulu. Tsopano Dikirani ili ndi nyumba ya malamulo imodzi yokha, monga zigawo zotsogola. Nduna Yaikulu Lotani Kachulu inatsegula msonkhano woyamba ndi nkhani ya chimbudzi cha pamsika. Inayambira pa mitundu ya dothi. Ipitiriza mawa.

Mpando umodzi sunafike kwa aphungu. Uli kuseri kwa chiwaya, pansi pa lata limene silidontha, ndipo pamakhala Edesi, kapilo kake kali m'khosi. Malonda akuyenda kuposa kale. Anthu amachokera kutali kudzadya nyama yotembenuzidwa ndi munthu amene anagwetsa nyumba ya malamulo ndi matako, ndipo mawu aja akadalipo: akati "Yamotooo!" aphungu amadzidzimuka m'tulo.

Makasitomala akachepa, Edesi amatsegula diso limodzi.

"Iwe Yotamu. Matumbowo utsukenso, ndikuona kuchokera pano."

"Ndatsuka kawiri, achemwali."

"Kachitatu. Ndiye tandiuza zoona, pano tili awiri. Mtanda uja ukanapanda kuthyoka, ukanadzuka?"

Yotamu amatembenuza nyama, n'kuitembenuzanso ngakhale yapsa kale.

"Tadzukani pamenepo ndikhalepo pang'ono, ndikuyankhani."

"Ndiye basi, usayankhe," amatero Edesi, n'kutsamira bwino.